Njinga yanga ndi wailesi ya ba Tembo

Lolemba

Zatheka! Loweruka masana ndikumana ndi ba Tembo, telala wa ku Chowa, pa poka, masewera a makhadi aja anatisiyira azungu a pamgodi. Iwo aikapo wailesi yawo, ine njinga yanga. Tidzasewerera zitsekero za mabotolo, poti machesi asowa m'masitolo monse. Amene zidzayambe kumuthera, wataya chake.

Amake Dalitso sakudziwa. Njingayi ndiyo imanyamula masamba amene amakagula ku Mpima n'kukagulitsa kumsika, ndiye kuwauza n'kuputa mavu. Adzadziwa ndikadzalowa ndi wailesi paphewa.

Mantha ndilibe. Pa poka sumasewera ndi makhadi, umasewera ndi munthu, ndipo ine munthu ndimamuwerenga ngati chikwangwani. Ntchito yanga ndi yopereka nyali kwa olowa pansi pa mgodi, nkhope ndiye ndaziona! Wofooka amadziwika chonchi:

- akamanama amatsokomola
- akagwira makhadi abwino, dzanja limanjenjemera
- amafulumira kuseka
- amakonda kuyamikira mnzake

Katswiri ndi wa nkhope youma. Ine ndili ndi njira yangayanga: ndimaimba nyimbo za kutchalitchi cham'mphuno kuti nkhope isaulule kanthu.

Lachiwiri

Ndikuyesa nzeru zanga ku holo ya ku Kasanda, ndi anzanga a kuntchito. Mphepo ikuchokera ku milu ya dothi la mgodi. Wakumanja atsokomola, nditi wabodza, ndiwonjezera zitsekero. Ali ndi mafumu atatu! Wakumanzere atsokomola. Wogawa makhadi atsokomola. Galu pakhomo naye atsokomola. Kenaka ine.

Ku Kasanda kuno kutsokomola si bodza, ndi kupuma. Chizindikiro ichi ndachichotsa. Zina zonse zili nganganga.

Wailesi ndidzaiika pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha ukwati.

Lachitatu

Za dzanja. Ba Chanda, mnzanga wa kalekale, dzanja lawo gwedegwede kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Ine kungotaya makhadi poopa kuti agwira zoopsa. Pomaliza andionetsa: palibe ngakhale awiri ofanana! Ndinaiwala kuti munthuyu amagwira makina oboola mwala tsiku lonse. Ngakhale tiyi amamwa theka, theka linalo amamwetsa malaya.

Potuluka akuti, "Bashi Dalitso, vamene muimba vija, mulekeko pa Satade. Nakuuzani."

Nsanje! Iwo kwaya inawakana. Mawu anga akuwawawa basi.

Lachinayi

Ndapita ku Chowa kukazonda mdani. Chonamizira: buluku long'ambika pa bondo. Pamsika anyamata a chipani afuna khadi la chipani, ndawaonetsa, ndadutsa mwaulemu.

Ba Tembo kuseka ndisanatsike n'komwe pa njinga. Kuyamikira ndiye osanena: mawu anga m'kwaya, nzeru zanga, ngakhale belu la njinga. Timaimba limodzi ku tchalitchi, iwo besi, mzere wa kumbuyo kwanga. Akuti, "Imwe mukayamba nyimbo, ine nimaziba chabe kwamene tiyenda." Munthu wabwino, koma wofooka zedi. Zizindikiro ziwiri nthawi imodzi!

Buluku asoka ulele. Kenaka apempha kuyesako njinga. Azungulira mtengo wa mango, atsika, atenga sipanala, atsitsa chishalo kuti chifanane ndi miyendo yawo yaifupi. Ndabwerera ku Kasanda mawondo akugunda chibwano.

Zimenezi sizinandisangalatse. Komabe ndazindikira kuti n'kudzilimbitsa mtima kwa munthu wamantha.

Lachisanu

Kuyeserera nkhope youma pa kalilole wometera. Maso gwa, milomo phwii. Amake Dalitso alowa, ayang'ana, atuluka, abwera ndi madzi amchere. "Ni dzino? Chukuchani, musaumile." Ndachukucha. Ndikanatani?

Akuti Lolemba tilawirire ku Mpima, kabichi wakhwima ndipo amupeza wotsika mtengo. Ndayankha kuti palibe vuto. Pamenepo za njinga zinandidetsa nkhawa pang'ono, sindibisa. Koma taganizani kusankha kabichi uku wailesi ikuimba pa keriya!

Zofunika mawa:

- malaya oyera
- chingwe chomangira wailesi
- kudekha

Loweruka

Sindikufuna kulemba, koma ndilemba.

Pansi pa mango paja, anthu a ku Chowa ali bii kutizungulira. Wailesi apo, njinga apo. Ndikagwira makhadi abwino, ba Tembo angotaya awo ndi kumwetulira. Ndikagwira zinyalala n'kufuna kuwaopseza, iwo awonjezera. Nthawi zonse! Ndiyang'ana dzanja, lili phee. Chifuwa, zii. Ndayamba kuganiza za mankhwala.

Zitsekero zatsala zodzaza dzanja limodzi. Makhadi abwera oipa kuposa onse. Ndiumitsa nkhope, ndikankha zonse pakati, ndipitiriza kanyimbo kanga cham'mphuno.

Ndiye ndikumva besi. Ba Tembo alandira nyimbo yanga, mokoma, mwachifundo, mutu uli chozyolika. Amayi awiri ogulitsa tomato alowa ndi mawu apamwamba. Apa m'pamene ndikudzimva ndekha: ndikuimba nyimbo ya pa maliro, ija timaimba potsitsa bokosi.

Ba Tembo ayala makhadi awo. Mafayifi awiri okha, koma akwanira.

Ba Chanda akuti Kasanda yonse ikudziwa kuyambira kale: makhadi akakoma ndimaimba ya chiyamiko cha zokolola, akaipa ya kumanda. Ndiye bwanji osandiuza? Akuti anandiuza.

Ndabwera wapansi, chingwe m'thumba. Amake Dalitso andimvetsera mpaka kumapeto, osatukwana, osalira. Bola akanatukwana. Manyazi andigwira mpaka m'mafupa.

Lamulungu

Ulendo wa ku tchalitchi wapansi. Amake Dalitso patsogolo, ine pambuyo, fumbi pakati. Sindinadziwe kuti msewuwu ndi wautali chonchi.

M'kwaya ndangotsegula pakamwa, mawu osatulutsa. Munthu amaphunzira.

Tikutuluka, belu ngiriri. Ba Tembo, suti yosita, miyendo ikufika bwinobwino pa mapedulo. Apereka moni kwa amake Dalitso mwaulemu wonse. Akuti njinga tingabwereke mawa ndi Lolemba lililonse, kabichi asaole, bola ine ndizibwera ku Chowa Loweruka lililonse. "Bonse bakufunsani, mwandi. Bantu monga imwe ni osowa."

Tsopano ndadziwa kusiyana kwake, ndipo n'kosavuta. Katswiri akafika, anthu amadandaula. Ine ndikafika amandikonzera mpando.

Ndimati ndikane, koma amake Dalitso ayankha ndisanatsegule pakamwa. "Azabwela, ba Tembo, chifukwa njinga tiifuna. Koma azabwela alibe nsapato. Izo nizasunga ine, ni zamene zasala zoyendela."

Ndavomera. Loweruka kumatentha pansi, koma ndilawirira.