Kamba wa m'foni ndi chimera cha eni

Malemu amuna anga ankakonda kundichenjeza kuti, "Amayi a Fanesi, inu mumakayikira aliyense woyenda ndi miyendo iwiri. Chodzakugwetsani chidzabwera ndi miyendo inayi." Ine ndinkangoti ndi kachasu akuyankhula. Chaka chino mawu aja andipeza.

Kuno kwa Kaduya aliyense amandidziwa. Sindidya kwa munthu ndisanaone mwini wake atameza. Nkhuku zanga ndimaziwerenga katatu patsiku (kanayi akadutsa a Likhucha, mkamwini wa kuseriku, amene maso awo sindiwamvetsa). N'chifukwa chake anthu akafuna kuyanika kanthu amabwera nako pabwalo panga. Amadziwa kuti ngakhale ntchentche siitera ndisanaifunse kwawo.

Ndiye mwezi wathawu mnansi wanga, mayi Mulepa, anabwera ndi chimera cha thobwa la pachinkhoswe cha mwana wawo. Chinkhoswe Loweruka, tsikuli Lachinayi. Masiku am'mbuyomo anali atandipempha chimera choonjezera, ine n'kuwauza kuti ndilibe ngakhale chodzaza dzanja. (Mfundo iyi muisunge, tiipeza kutsogoloku.)

"Agogo, tiyanike pano, ife tithamangire kumsika. Mbuzi zokha mutionere."

"Mbuzi? Pakhomo pano? Pitani inu."

Tsono kunyumba kuno kunali mdzukulu wanga Tadala, wa Fomu 2, amene anabwera kutchuthi. Mtsikanayu anaika gemu m'foni yomwe bambo ake ananditumizira. Akuti ndi yakalekale, bambo akewo ankasewera adakali anyamata ku Limbe. Muli kabambo ka ndevu za pamlomo kongothamanga, kulumpha maenje ndi kugunda njerwa ndi mutu. M'mawa umenewo ndinamulanda foniyo, ndikuti izi n'za Satana, n'kumutuma kuchigayo.

Ine ndinangofuna kuona kuti Satanayo amaoneka bwanji, kuti ndidziwe chopempherera.

Ndidina apa, kabambo kayenda. Ndidina apo, kalumpha. Kenaka kutsogolo ndiona kukubwera kamba. Wobiriwira, woyenda mwaulemu, mutu uli zyoli ngati munthu wopita kukapepesa kwa apongozi. Akafika pa chipaipi china cha m'gemumo amatembenuka n'kubwerera, osaba kanthu, osasuzumira m'nyumba ya munthu. Ndinene zoona, pa moyo wanga wonse ameneyu ndiye woyamba kumukhulupirira. Ndinayendetsa kabambo kaja kuti akapatsane moni.

Kungokhudzana basi, kabambo kanajowa m'mwamba manja ali tambalala, n'kugwera kunsi kwa foni. Kanyimbo ka maliro n'kulira.

"Mfiti iwe!" ndinakuwa ndekhandekha. "Ulemu wonse uja unali wondiphera?"

Kachiwiri ndinamudumphira pamsana. Anabisala m'chigoba. Ndinachimenya theche chigobacho, n'kuseka mokweza. Chinakagunda chipaipi, n'kubwerera liwiro la njinga ya kabaza yopanda mabuleki, n'kundipha. Apa nkhani inali itafika pa ine ndi iye.

Dzuwa linkathwanima pagalasi la foniyo, ndiye ndinakokera mpando pakhonde. Linkathwanimabe. Ndinatembenukira kukhoma. (Inde, msana kuchimera. Musandiyang'ane choncho.) Kumbuyo ndinkamva kukutu, kukutu, koma ndinkati ndi kabambo kaja kakuphwanya njerwa.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi mfuu ya mayi Mulepa. "Mayo ine! Chinkhoswe cha mwana wanga!"

Ndinamangirira foni pamfundo ya chitenje msangamsanga, n'kutembenuka. Mbuzi zitatu zili pamkeka, mimba zili ngati ng'oma. Chimera chotsala sichikanakwana ngakhale thobwa la mwana wodwala, ndiponso chinali chitasakanizika ndi timibulu takuda timene mbuzi zimasiya zikakhuta. Anthu anayamba kusonkhana, ndi a Likhucha omwe.

Munthu wanzeru akanapepesa. Ine ndinaima chilili, dzanja m'chiuno.

"Diso langa silinachoke pamkekapa! Ndinangophethira kamodzi. Pali wina wazimasula dala mbuzizi, ndipo ndikumudziwa." Ndinatero chala chikuloza a Likhucha.

"Ine, agogo? Ndikuchokera kudimba, onani matopewa."

"Matope amapakidwa, bambo."

Nthawi yomweyo m'chiuno mwanga munalira kanyimbo ka maliro kaja. Gemu sindinaizimitse, ndipo kamba anali atakapeza kabambo kali chiimire. Maso onse anali pamfundo ya chitenje changa. Tadala anali atangofika, thumba la ufa lili pamutu.

"Agogo, kamba wakuphaninso? Ameneyo sapatsidwa moni, amadumphidwa."

A Likhucha sanaseke. Anangowerama n'kutola chingwe cha mbuzi yaikuluyo, chikhomo chikulendewera kumapeto. "Tonde uyu si wanu, agogo?"

Anali wanga, pamodzi ndi akazi ake awiri. Chikhomocho ndinakhoma ndekha m'mawa, pakuti sindilola munthu wina kumanga mbuzi zanga. Koma tsiku limenelo ndinangochiponda ndi chidendene, mtima uli kwa Satana.

Chimera sichipangidwa tsiku limodzi, ndipo mayi Mulepa anali atakhala pansi akulira kuti akuchimuna adzamwa chiyani. Ndinalowa m'nyumba, kugwada, kukoka thumba langa la chimera pansi pa bedi, n'kulitulutsa pamaso pa mudzi wonse.

Mayi Mulepa anapukuta misozi. "Agogo, ichi ndi chimene munalibe chija?"

"Ndinaiwala."

"Inuyo? Kuiwala?"

Thobwa linakoma, akuchimuna anachita kupempha lina. Koma masiku ano anthu akuyanika zinthu zawo kwa a Likhucha, ndipo ana akandiona amayenda pang'onopang'ono mutu uli zyoli.

Tadala anabwerera kusukulu, gemu anaisiya. Kamba wobiriwira uja tsopano ndimamuponda mosavuta, koma kutsogoloku ndapeza m'bale wake wamapiko, ndipo dzulo ndiwo zapserera kawiri. Choncho amene mukudutsa cha kwa Kaduya, tapatukani mudzandione. Mukaodira osayankhidwa, mungokuwa kuti "Mbuzi!" Koma muime pomwepo pabwalo, manja poonekera. Nkhuku ndawerenga, zilipo khumi ndi imodzi.