Nkhondo ya Mano Anayi Akutsogolo

"Musawakhudze."

"Ndi anga."

"Ndati musawakhudze, asewele. Dzanja lanulo libwerere kumene lachokera."

Tcherani khutu, inu mibadwo imene mano anu sanamere, mumve za masiku amene khanda loyamba linabadwa m'nyumba ya zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya matayala, masiku amene matewera ankakupiza pakhonde ngati mbendera za mitundu yogonja, ndipo mayi wa khandalo, atawerenga pa foni kuti tizilombo tili paliponse, analengeza nkhondo pa chilichonse chosaoneka ndi maso. Ankawiritsa mabotolo. Ankawiritsa masipuni. Makiyi a mwamuna wake nawonso analawa mphika.

M'masiku amenewo kunafika agogo awiri kudzaona mdzukulu. Woyamba anali a Lipenga, bambo a mwamuna, Mphepo ya Mkuwa, Wodzutsa Agalu a Mzinda Wonse, amene anaimba lipenga m'bandi kuyambira tsitsi lili bii, ndipo mano awo anayi akutsogolo, a m'mwamba, anawasiya kalekale pa chiwongolero cha njinga. Wachiwiri anali a Hedi, bambo a mkazi, Mkango wa Choko, Wotonthoza Kalasi ndi Chikope Chimodzi, amene mano anayi omwewo analandidwa ndi mpira womenyedwa ndi mwana wa sukulu amene mpaka lero sanadziwike. Onse awiri ankavala mano oikirira, ndipo aliyense ankabisira mnzake, poganiza kuti m'banjamo wamagweru ndi iye yekha.

Pogona, aliyense anaika mano ake m'kapu ya madzi nabisa kubafa, wina kuseri kwa sopo, wina kuseri kwa ndowa. Koma kubisira chinthu mayi wa khanda kuli ngati kubisira nyerere shuga. M'mawa anapeza makapu onse awiri, anakhuthulira mano onse m'beseni limodzi, naponya oyamba m'madzi obwadamuka. Manowo anapindika ngati tsamba louma. Mayiyo anakuwa, ndipo achiwiriwo anapulumuka.

Tsono taonani mfundo imene inamangika patebulo la m'chipinda chochezera. Opindika aja sakanawazindikira ngakhale dokotala amene anawaumba. Opulumukawo anali pa mbale: mano anayi, nkhama zofiirira, timawaya tiwiri togwirira mano oyandikana nawo. Magulu ankhondo anakhala uku ndi uku, aliyense dzanja pakamwa.

Ndipo masana a tsiku lomwelo bandi inali yoti ikaimbe potsegulira bwalo latsopano la masewera, ndipo mkulu wa bandi anali atanenetsa kuti a Lipenga akajombanso, malo awo apita kwa mnyamata wina woimba atavala magalasi akuda. Popanda mano akutsogolo mlomo ulibe khoma loyedzamira, ndipo lipenga silimvera mlomo wopanda khoma.

A Lipenga anadzuka, mawu akutuluka m'mipata ya zala.

"Asewele, ine mano awa ndayenda nawo pa maukwati ndi pa maliro, padzuwa ndi pamvula. Ndikawayang'ana akundiyang'ananso. Taonani lakumanzerelo, likundidziwa."

"Dzino silidziwa munthu, asewele," anayankha a Hedi, nawonso kuseri kwa chikhatho. "Ine ndaweruza milandu ya zolembera zobedwa kwa moyo wanga wonse, ndipo wakuba aliyense ankati cholembera chikumudziwa."

"Mwanditchula wakuba?"

"Ndatchula zolembera."

Mayi wa khanda anali pakhomo la khitchini, maso ali psuu. "Bambo, apongozi, ndikhululukireni. Ndimati ndiwaphere tizilombo."

"Waphadi, mwana wanga," anatero a Hedi. "Sitikudziwa chabe kuti maliro ndi a kwa yani."

Apo analowererapo mwamuna wa mayiyo, Mkhalapakati Wosagona Tulo, khanda lili paphewa. Anati ayang'ane madontho a tiyi pa manowo. Onse awiri ankamwa tiyi. Anati anunkhize, anamuyang'ana ngati wagwa mutu. Anaimbira ku chipatala cha mano, foni inalira mpaka kutopa, popeza linali Loweruka. Ndipo onse ankadziwa kuti ena atsopano sapangidwa tsiku limodzi.

"Ndiye wina angoyesa," anatero. "Mano otere amakwana pakamwa pa mwini wake yekha."

"Ndani ayambe?" anafunsa onse awiri.

Pamenepo mpamene panali phompho. Woyamba kuyesa akapeza kuti ndi ake, nkhondo yatha. Koma akapeza kuti si ake, ndiye kuti wavumata nkhama za sewele wake, ndipo mwiniwake adzatafuna moyo wake wonse akukumbukira kumene manowo anachezako. Aliyense ankafuna kuyamba, aliyense ankaopa kuyamba, ndipo palibe amene ankalola kuti mnzake ayambe.

Dzuwa linakwera. Pansi, ku sitolo, ankakhoma matayala ngati ng'oma za nkhondo.  A Lipenga anatsegula bokosi lawo, natulutsa lipenga, nayamba kulipukuta ndi kansalu, malo omwewo, mobwerezabwereza. A Hedi anaziona. Mkango wa Choko anatsitsa chikhatho chake pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba dziko linaona chipata cha pakamwa pawo, chotseguka ngati geti la sukulu pa holide.

"Asewele," anatero, malovu akuwaza ngati mvula yoyamba, "mbiri ilembe kuti ine, amene sindinagonjerepo kholo la mwana aliyense, lero ndapatuka panjira. Ine pakamwa panga panatsala ntchito yodzudzula nyuzipepala basi. Inu muli ndi bwalo lokudikirani. Yesani."

A Lipenga ananyamula manowo ndi manja awiri, natseka maso, nawakankhira m'kamwa. Kawaya kena kanakola. Kena kanabaya nkhama. Anakankhanso ndi chala chachikulu, ndipo mano anayi aja anapendekeka ngati mpanda wogundidwa ndi ng'ombe, limodzi likusuzumira kunja kwa mlomo. Anayesa kachitatu, misozi ikulengeza. Kenako anawatulutsa, kaulusi ka malovu kakutsatira, nawabwezera pa mbale.

"Ndi anu."

"Ndi anga," anavomera a Hedi, koma manja awo anakhalabe pamaondo.

Mphepo ya Mkuwa sanafune kugwa osaponya mkondo womaliza. Anaika lipenga pa mlomo wopanda khoma, nakoka mpweya wonse wa m'chipindamo, nauzira. Chimene chinatuluka sichinali nyimbo. Anyamata a ku sitolo anatuluka kukayang'ana tayala limene laphwa.

Motero linapanganidwa pangano lalikulu la pa Tebulo la Matewera, lakuti a Hedi sadzavala mano awo mpaka a Lipenga atapeza awo, kuti pasakhale womwetulira pamene mnzake akulira; lakuti mayi wa khanda asayandikirenso bafa ali ndi mphika; ndi lakuti zimene zinachitika m'kamwa mwa a Lipenga zisadzatchulidwe pa ukwati kapena pa maliro alionse. Pofuna phwando losindikiza mtendere, anafufuza m'nyumba monse chakudya chimene ngwazi ziwirizo zikanatha kugonjetsa, ndipo chinapezeka chimodzi: nthochi zakupsa, zonyenyedwa ndi foloko. Anadya m'mbale imodzi ndi timasipuni towiritsa, atamanga matewera oyera m'khosi, akutamandana mayina aulemu, magweru ali poyera, khanda likuwayang'ana ngati lapeza anzake a msinkhu wake.

Ali pa sipuni yachigonjetso, foni ya a Lipenga inalira. Poti zala zawo zinali nthochi zokhazokha, mwana wawo anaidina naika pa sipika. Kunamveka ng'oma, khamu la anthu, ndi lipenga lina likuyeserera chapatali, mokoma mopweteka mtima. Kenako mawu a mkulu wa bandi:

"Madala, mukubwera, kapena ndimuike mnyamatayu?"