Zikomo Chifukwa cha Kompyuta Imene Munaikonza

Kwa Bwana Mkulu wa Nthambi ya Makompyuta,
Chipinda cha Pamwamba, Chija Chozizira Bwino.

Bwana wolemekezeka,

Ndine mlembi uja wa pa desiki la pafupi ndi zenera, amene mumamudutsa mukamapita kokamwa tiyi. Musavutike kukumbukira nkhope yanga. Ndataipa makalata a ofesi ino kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo sindinalembepo kalata yodandaula. Ngakhale inoyi si yodandaula ayi, ndi yothokoza.

Masabata atatu apitawo munatsikira kwathu kuno mutavala tayi wofiira, n'kuika mu kompyuta yanga pulogalamu yatsopano yoyendetsera zonse. Munatilonjeza kuti kuyambira tsiku limenelo makinawa azithamanga. Tinaomba m'manja, ine kuposa onse. Lolani tsono ndikuthokozeni mwadongosolo.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa kudekha. Ndikadina batani loyatsira m'mawa, ndimapita kukatereka ketulo, kuthirira maluwa a pakhonde ndi kufunsa amayi osesa kuti mwendo wawo wadzuka bwanji. Pobwera ndimapeza kachizindikiro kaja kakuzungulirabe pa sikirini, osatopa. Anzanga kompyutayi aipatsa dzina loti Apongozi, ati chifukwa suifulumizitsa, suiyankha mwano, umangokhala chapatali manja ali pamiyendo kudikira kuti iyambe yokha kulankhula.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha malangizo. Nditakudziwitsani za vutoli, munanditumizira pa imelo masamba asanu ofotokoza mmene munthu angathandizire kompyuta yochedwa. Imeloyo ndinaidina m'mawa, inatseguka titabwera kokadya masana, koma ndinatsatira zonse. Ndazimitsa n'kuyatsanso kambirimbiri, moti pansi pano timakutchulani mwaulemu kuti Bambo Zimitsani-Muyatsenso. Ndatseka mapulogalamu aja odziyatsa okha. Ndagwada pansi pa desiki ndi mawondo angawa, kuchotsa fumbi kuseri kwa bokosi ndi mswachi wa bambo a kunyumba, amene mpaka lero akuufunafuna. Ndachotsanso pa sikirini chithunzi cha adzukulu anga, poti tsamba lachinayi linati zithunzi zimalemetsa makina. Adzukuluwo anachoka, koma kuchedwa kunatsala.

Chachitatu ndi nkhani ya bini, ndipo apa ndivomere kuti nanenso ndili ndi mlandu. Makalata onse achitsanzo amene ndakhala ndikukonza zaka zonsezi, oitanira anthu kumisonkhano, opepesa, ochenjeza, ndinkawasunga mu bini ya kompyuta. Mnzanga wa desiki loyandikana ndi langa ali ndi dzanja lokonda kusintha zinthu za eni, ndipo ndinaona kuti mu bini ndi mokhamo mmene sasuzumira. Zinkayenda bwinobwino mpaka sabata yatha, pamene munatsika nokha, n'kuima kumbuyo kwanga, n'kunena kuti malo mu kompyutayi achepa. Musanandifunse kanthu munali mutagwira kale mausi. Chinthu chokhacho chimene kompyutayi yachita mofulumira mwezi uno ndi kukhuthula bini imeneyo. Ndinakuthokozani, munatuluka, ine ndinakalira kubafa.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa. Bwana wamkulu wa ofesi ino sadziwa za kachizindikiro kozungulira. Iwo amangoona mpando wanga uli wopanda munthu m'mawa, ndi mulu wa makalata ukukula pa desiki. Dzana anandiitana, n'kundiuza mokoma mtima kuti mwina zala zanga zayamba kutopa, ndipo agamula zondisamutsira Lachisanu lino ku chipinda cha mafayilo akale, pansi paja popanda zenera. Ndinawauza kuti vuto ndi makina. Anayankha kuti sizingatheke, chifukwa lipoti lanu likuti makompyuta onse ali bwino kuposa kale.

Bwana, ndikuopa, ndipo sindibisa. Zala zanga zilibe vuto. Zimafika kumapeto kwa chiganizo, ine n'kupinda manja, zilembo n'kumabwera pambuyo chimodzichimodzi ngati ana ochedwa kusukulu. Munthu amene ndinkamaliza makalata makumi atatu pa tsiku lero ndikusekedwa ndi oyendetsa galimoto kuti ndikutaipa ndi chigongono.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka nditagwada, poti kugwada ndazolowera kale pansi pa desiki paja. Pamwamba pa mulu wanga pali kalata imene bwana wamkulu analemba pamanja kuti nditaipe. Ikupita ku likulu, ndipo ikupempha kuti inuyo mukwezedwe pa udindo chifukwa chosintha makompyuta onse a muno popanda vuto lililonse. Ndi kalata yokoma, ndaiwerenga katatu podikira Apongozi. Iyenera kunyamuka Lachisanu lomwelo dzuwa lisanafike pamutu. Ndinaiyamba Lolemba, ndipo ndine wokondwa kukudziwitsani kuti deti ndalemba kale, pamodzi ndi theka la dzina lanu.

Popeza zala zanga akuti zatopa, sindikufuna kuti zikuchedwetsereni mwayi. Chonde tsikani mawa lino Lachinayi nthawi yoyamba ntchito, mudzakhale pa mpando wanga, mudzaiyatse nokha kompyutayi ndi kumalizitsa kalatayo ndi zala zanu zanthete. Bwana wamkulu ndawapempha kale kuti adzakhale pambali panu kuti adzaone liwiro lake, ndipo avomera mosangalala. Mpando wawo ndauikira khushoni.

Za tiyi musadere nkhawa. Ndabwereka fulasiki yaikulu ija ya pamisonkhano.

Ine wanu wodikira mofatsa,
Mlembi wa pa Zenera, mpaka Lachisanu.