Njerwa za Asewere Anga

Anthu a kuno ku Champiti akandifunsa kuti, "Nanga madala, kwa azungu kuja mubwererako liti?" ndimayankha kuti mawondo anga sagwirizana ndi mphepo yakumeneko. Mawondo alibe mlandu. Zoona zake n'zakuti ndinakathandiza anthu, ndipo ndikumva kuti mpaka lero sanachire nalo thandizo langalo.

Mwana wanga Esinati ndi namwino ku Sikotilandi, ndipo anakwatiwa ndi mnyamata wa pa chilumba china kumeneko (dzina lachilumbacho musandifunse, lilime langa linakana). Anandiitana kuti ndikadziwane ndi asewere anga, amayi ake a mnyamatayo, mayi wamasiye, wokalamba ngati ine ndemwe. Tili m'sitima ya pamadzi, Esinati anandigwira mkono.

"Ababa, chonde, kumeneku mukatsitseko mawu. Apongozi anga angoyamba kumene kundizolowera."

Ndinamuuza kuti munthu amene anagwirapo mu mgodi ku Joni saphunzitsidwa khalidwe ndi mwana womubereka yekha. Ndinanena motsitsa, koma sitima yonse inacheuka.

Akuti anthu amachokera kutali kudzaona kukongola kwa chilumbacho. Kukongola kwake ndi uku: miyala, nkhosa, mphepo. Mtengo wongopachikapo jekete palibe. Mkamwini anatitengera pamwamba pa phompho kuti tikaone nyanja ikumenya matanthwe, mphepo n'kunditengera chipewa, iwo n'kumati taonani kukongola. Anationetsanso mabwinja, nyumba zamiyala zopanda madenga, akuti eni ake anathamangitsidwa kalekale kuti malowo azidyapo nkhosa. Izo zokha zinandikhudza, popeza zolandidwa malo ifenso timazidziwa. Kenako anayamba kusimba kuti m'nyanjamo muli nyama zonga agalu opanda miyendo, zimene zimavula chikopa n'kusanduka akazi. Ndinati, "Ndiye ife tikati afiti amakwera fisi, mumati sitinapite kusukulu?" Esinati anakana kumasulira.

Tsopano imvani. Kuseri kwa nyumba ya asewere ndinapeza mulu waukulu wa zidina, njerwa zosaotcha. Koma njerwa zake! Zakuda, zopindika, ina yaitali ina yaifupi, ngati woumbayo chikombole anangomva m'nkhani. Chisoni chinandigwira. Ndinati eyaa, n'chifukwa chake anthuwa amamangira miyala yotola.

"Ababa, zimenezo si..."

"Iwe, njerwa ndinayamba kuumba usanabadwe. Za tchalitchi cha kwathu anaotcha ndani?"

"Ndimangofuna ndikuuzeni kuti..."

"Wandiuza kale. Pita ukathandize m'nyumbamo."

Anapita. (Mwana womvera, ndinamulera bwino. Tsiku limenelo akanakhala wamwano pang'ono, bwenzi zili bwino.)

Musaganize kuti ndinachita zaumbuli, chilolezo ndinapempha. Asewere atatuluka ndinawalozera muluwo, n'kuwalozanso iwo. Anagwedeza mutu n'kudzigwira msana, kusonyeza kuti anavutika nazo okha. Ndiye ndinatulutsa Chingerezi changa cha ku Joni. Ndinati, "Faya?" Mayi uja nkhope inawala. "Faya!" Mpaka anandisisita phewa. Nanga inu mukanamva chiyani?

M'mawa mwake onse ananyamuka kukaona miyala ina yoimirira, akuti inali zimphona zimene zinakana kupemphera n'kusanduka miyala. Ine ndinati miyala ndaona yondikwana moyo wonse, ndipumako. Galimoto itangobisika, jekete pansi.

Ndinapanga uvuni wooneka bwino, wokhala ndi makomo ake a moto, mizere yowongoka ngati ya asilikali. Njerwazo zinali zopepuka ngati buledi wogona, koma ndinati ndi vuto la dothi lakuno. Nkhuni ndinatolera mitengo yakale ya mpanda ndi matabwa otayidwa ndi nyanja amene ndinawapeza m'kanyumba kosungira katundu. Ndinamata uvuni wonse ndi matope a m'dambo. Kenako machesi.

Abale, kwathu uvuni umafuna kuunyengerera, kuusonkhezera mpaka maso kufiira. Uwu ayi. Unangoti lawi! Ndinaima patali manja m'chiuno, n'kumati Mngoni akagwira ntchito, moto womwe umamumvera. Posakhalitsa ndinaona kuti moto sukudutsa pakati pa njerwa ayi, ukutuluka m'njerwa mwenimwenimo. Matope ndinamatira aja nawonso, atangouma, anayamba kufuka. Uvuni m'malo mofiira unayamba kufupika. Mphepo ija, imene sinandithandizepo kanthu chifikireni, tsiku limenelo inabwera ndi mtima wonse.

Utsi unakuta mudzi. Anthu anabwera akuthamanga ndi zidebe, ine n'kumawatchinga: "Osathira madzi! Muononga njerwa!" M'Chichewa, mokweza, poganiza kuti ndikakweza amva. Bambo wina anandinyamula ngati thumba la chimanga n'kundikhazika pa mpanda.

Galimoto ya mkamwini inafika pamenepo. Esinati anatsika isanaime n'komwe.

"Ababa! Mwatani nkhuni za apongozi?"

"Nkhuni ziti? Kuno waonako mtengo iwe?"

"N'chifukwa chake! Mitengo kulibe, ndiye amadula dothi la m'dambo, kuliyanika, likauma amasonkhera moto. Zimenezo ndiye amaotha nyengo yonse yachisanu!"

Anthu oti anapanga ndege, amaotha dothi. Ine ndikanadziwira kuti?

Koma kuseka kunalibe. Esinati anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi manja, ndipo pamenepo ndinaona chimene ndinaotcha. Mayi uja anadula yekha mulu wonsewo ndi msana wake wodwala, ndipo chisanu chakumeneko akuti chimapha nkhalamba. Mwana wanga ndiye amene adzatsale m'banjamo, kumadziwika kuti ndi mwana wa bambo aja. Ndinagwada pa udzu wonyowa pamaso pa asewere, n'kuwomba m'manja monga timapepesera kwathu.

Mayi uja anandiyang'ana. Kenako anasendera ku uvuni, natambasula manja ake ku moto, n'kunena kanthu.

"Akuti chiyani?" ndinanong'ona (inde, ndimatha).

Esinati anapukuta misozi. "Akuti dzukani mudzaothe nawo, poti moto wa chaka chonse ndi womwewu."

Tinaotha. Mudzi wonse unaotha.

Masiku otsalawo anzanga ankaona malo, ine ndinali m'dambo, matope mpaka m'mawondo, kudula dothi ndi khasu lawo lopindika, tintchentche tosaoneka ndi maso tikundidya ngati ndiwo. Asewere ankakhala pa mwala ndi tiyi wawo, kumandilozera pamene ndadula mokhota. Ine, wootcha njerwa za tchalitchi uja! Zimene ndinadulazo akuti sizikanauma msanga, ndiye anansi ankabwera mmodzimmodzi ndi matumba a zouma kale, mwakachetechete ngati akubwera pamaliro. Aliyense ankandipatsa moni mwaulemu, kenako n'kuyang'ana m'manja mwanga ngati muli machesi.

Tsiku lonyamuka asewere anamukumbatira Esinati n'kumupsompsona pachipumi, mtima wanga n'kukhala pansi. Ine anangondigwira chanza, mwamphamvu ndithu, ngati akufuna atsimikize kuti ndikupitadi.

Esinati akaimba foni amati ndiphunzire kumvetsera munthu mpaka amalize kulankhula. Mwina akunena zoona, sindimamva mathero ake. Koma chimodzi ndinene, ndipo pachilumba chonsecho palibe anatsutsa: aumbi ambiri kuno uvuni wawo umasiya njerwa zosapsa m'mbali. Wanga sunasiye ngakhale imodzi.