Nsapato za Eliseo Zili m'Kabati Yanu, Bwana Wapampando

Kwa Olemekezeka Bwana Wapampando,
Bungwe la Nyenyezi za pa Ayezi,
Nsanjika ya Khumi ndi Chiwiri,
Manila.

Bwana wanga,

Pepani kuti kalata ino yadzera m'nyuzipepala. Ku ofesi kwanu ndinabwerako katatu. Ulendo woyamba munali kumsonkhano, wachiwiri munali kunkhomaliro, wachitatu mlonda anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kundiuza kuti okonza mipope amalowera khomo lakuseri. Sindinakwiye ayi. Ndinangoganiza kuti m'nyuzipepala ndimo mumapezeka mosavuta, popeza chithunzi chanu sichiphonya sabata.

Dzina langa ndine Crisanto Lumibao. Simundidziwa, ndipo palibe chifukwa choti mundidziwire. Ndine mdala uja amakhala m'kachipinda ka kunsi kwa masitepe, pabwalo la ayezi la m'chinyumba cha masitolo, pakati pa ogulitsa nkhuku yokazinga ndi ogulitsa mafoni. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikunola mipeni ya kunsi kwa nsapato za ana otsetsereka pa ayezi. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho mukapeza mawu opindika muwakhululukire, monga momwe ife timakhululukira zolankhula zanu.

Ndalemba kuti ndithokoze. Zothokoza zandichulukira, ndiye ndaziika m'ndondomeko kuopa kuiwalako china.

Choyamba, zikomo potipezera Eliseo Tabangcura. Ife tinali naye pabwalo pano zaka khumi ndi chimodzi osadziwa kuti akusowa. Anabwera ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mayi ake atamugwira padzanja, mayi aja amagulitsa phala la mpunga pasiteji ya majipini, timinibasi tathu tija. Kuyambira pamenepo amafika sikisi koloko m'mawa masitolo asanatsegule, chifukwa ikangokwana teni koloko ayezi amasanduka wa zibwenzi zogwirana manja ndi tiana tokwawa. Mphunzitsi wake, Mayi Perlita Obando, mawu anawathera pakhosi n'kukuwa. Mwezi wathawu mnyamatayu, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anadumpha n'kuzungulira kanayi m'malere, natera mosagwedera pamaso pa oweruza akunja, n'kubwerako ndi mendulo ya siliva. Pabwalo la ndege munamukupatira, n'kuuza atolankhani kuti luso lake munaliona ali kamwana. Munamutchula kuti Eusebio kawiri konse. Iye anangomwetulira, poti analeredwa bwino.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha phwando. Nkhumba zitatu zowotcha zathunthu, oimba, maluwa, ndi mawu anu omwe anatenga mphindi makumi asanu. Ine ndinaima kumbuyo pafupi ndi khomo la kukhitchini, ndipo ndinamva zonse, ngakhale zija munanena kuti Bungwe lakhetsa thukuta. Munali mutatumiza uthenga woti Eliseo abwere ndi nsapato zomwe anapambana nazo, kuti ajambulitse. Anabwera nazo. Mutazinyamula m'mwamba munalengeza kuti kuyambira tsiku limenelo nsapatozo ndi chuma cha fuko, ndipo zikakhala m'kabati yagalasi ku ofesi kwanu kuti mibadwo yam'tsogolo izidzaziona. Kenako munamupatsa bokosi lomanga ndi riboni, muli nsapato zatsopano zonyezimira. Anthu anaomba m'manja. Mnyamatayo anatenga dzanja lanu n'kuligunditsa pamphumi pake, monga mwana aliyense waulemu amachitira kwa wamkulu. Akanatani? Mphatso ya wamkulu, pagulu, makamera ali ng'aning'ani, ndani kwathu kuno angaikane? Ndinayang'ana Mayi Obando. Anali ataima, foloko ili m'manja, pakamwa pali yasa.

Chachitatu si chothokoza kwenikweni, koma kaphunziro kochepa. Ndikudziwa kuti n'kupanda mwambo kuti wonola mipeni aphunzitse Wapampando za masewera omwe wawatsogolera zaka khumi ndi zinayi. Koma poti ntchito imakuchulukirani, mwina simunapeze mpata wogwirako nsapato imeneyi ndi manja.

Nsapato yatsopano ya masewerawa, bwana, imakhala yolimba ngati thabwa. Sivalidwa lero n'kukapikisana nayo mawa. Munthu amaivala pang'onopang'ono, masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa, imamudya khungu, iye amaifewetsa ndi thukuta, mpaka chikopa chitadziwa fupa lililonse la phazi lake. Zija munatenga zija zinali zitamaliza sukulu imeneyi. N'chifukwa chake zinali zokwinyika ndi zonunkha, zomwe ndamva kuti mlembi wanu anadandaula nazo. Komanso phazi lakumanja la Eliseo, lomwe amaterera, limapendekera m'kati pang'ono. Ineyo ndi manja angawa ndinamasula mpeni wa nsapato imeneyo katatu, kuusuntha pang'ono ngati kukhuthala kwa chikhadabo, mpaka tsiku lomwe anatera n'kutembenuka kundiyang'ana akuseka. Mwanayu amatera chambuyo, ndi phazi limodzi, pa kachitsulo kopyapyala, thupi lonse likuchokera kumwamba. Alibe nthawi yokambirana ndi nsapato. Phazi likakayika pang'ono, munthu ali pansi.

Zonsezi akuzidziwa ngakhale kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri ka pabwalo pathu. Nditakauza zomwe zachitika kanandifunsa kuti, "Agogo, bwanawo ndi odwala?" Ndinakadzudzula, musadandaule. Ndinakauza kuti ndinu otanganidwa chabe.

Chachinayi, mundithokozereko mlembi wanu, yemwe anasankha yekha nsapato zatsopanozo. Mayi ameneyu ali ndi mtima wa kholo. Anaitanitsa zokulirapo saizi imodzi. Mayi Obando atamuimbira foni, iye anayankha mokoma mtima kuti, "Aaa, amayi, musavutike. Anyamata amakula msanga, akula nazo." Bwana, phazi la Eliseo linasiya kukula zaka zitatu zapitazo. Koma sitinataye mtima, chifukwa mlembiyo anatipatsanso nzeru ina, yoti tiike nyuzipepala kutsogolo kwa zala, monga ankachitira ndi nsapato za kusukulu za ana ake. Ife poti ndife omvera tinayesa. Tsamba lomwe linali pafupi linali lija la phwando, lokhala ndi nkhope yanu. Ndiye ndine wokondwa kukudziwitsani kuti Lachiwiri lapitali, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Bungwe, munafika pa ayezi. Munagwa kasanu ndi kamodzi.

Chachisanu. Apa ndilephera kuseka, mundikhululukire.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu mnyamatayu akuvala mphatso yanu. Kudumpha kuja kwa kanayi sanakuterepo ngakhale kamodzi. Kwa katatu, komwe ankachita ngati akusewera, tsopano akutera mogwedera, dzanja likugwira pansi. Chiuno chake chakumanja chada bii. Matuza anatuluka tsiku loyamba, anaphulika lachiwiri, ndipo pano akamavula masokosi amayamba wawanyowetsa ndi madzi kuti asachoke ndi khungu. Amavulira m'kachipinda kanga kuti anzake asaone. Dzulo atakhala pabenchi anati, "A Crisanto, chonde musakawauze. Angaganize kuti sindiyamika." Tamvani zimenezo, bwana. Mapazi ali magazi okhaokha, koma chomwe chikumuvuta n'chakuti inu mungakhumudwe.

Mayi ake anabwera Lachitatu, atasiyira mnzawo poto wa phala. Anaima kuseri kwa galasi la bwalo kumuonerera, ndipo atagwa kachitatu anatembenukira kwa ine. "Achimwene," anatero, "ine zaulemererozi sindizidziwa. Ndimangodziwa kuti mwana wanga anapita kuphwando akuyenda bwinobwino, wabwerako akutsimphina. Kodi anakalakwa chiyani kumeneko?" Ndinalowa m'kachipinda kanga n'kuyatsa makina onolera popanda chonola. Ndakwiya, bwana, ndipo ndakwiya zedi. Ndakalamba ndikuona ana aluso akusiya masewerawa chifukwa cha kuthyoka kapena umphawi, koma woyamba kumuona akugwetsedwa ndi mphatso ndi ameneyu.

Mwina mwaiwala chomwe chili kutsogoloku, ngakhale sindikukhulupirira, poti ndamva kuti inu ndi anzanu asanu ndi atatu mwasoketsa kale majasi a ubweya oti mukavale pomuperekeza. Kwatsala masiku khumi ndi awiri kuti mpikisano wa ku Ulaya uja uchitike, womwe ukagawe malo otsiriza opita kumasewera aakulu a dziko lonse lapansi. Akaphonya pamenepa adikira zaka zinayi. Mawondo a munthu wodumpha chotere salonjeza zaka zinayi kwa wina aliyense. Nsapato zina za saizi yake, ngakhale zitafika mawa, sizingafewe m'masiku khumi ndi awiri. Nsapato zomwe angapikisane nazo padziko lonse lapansi ndi ziwiri zokha, yakumanja ndi yakumanzere, ndipo zili pansanjika yanu, pansalu yofiira, pansi pa nyali.

Mayi Obando anapita kukazipempha. Anawauza kuti kiyi wa kabati mumasunga ndinu, kuti kabatiyo inatsegulidwa kale mwamwambo ndi mlendo wolemekezeka, ndipo kuchotsamo kanthu kungachititse Bungwe manyazi. Anawaonetsa ndi chikwangwani chamkuwa chomwe mwakhomapo, dzina lanu pamwamba m'malemba akuluakulu, la mnyamatayo mmunsi m'malemba ofuna magalasi. Potuluka, mlembi anawanong'oneza nkhani yabwino, yoti Loweruka likubwerali kubwera mmisiri wodzazipaka nsapatozo utoto wagolide ndi mankhwala oumitsa, kuti zisadzaonongeke mpaka kalekale. Mayi Obando anafika pabwalo n'kungokhala pansi. Zikapakidwa zimenezo, bwana, zatha ntchito. Zidzakhala zokongola kwambiri, ndipo palibe phazi lidzalowemonso.

Ndikudziwa kuti simunachite izi mwankhanza. Nkhanza zimafuna kuti munthu adziwe chomwe akuchita. Inu munangoona chinthu chonyezimira chikudutsa pafupi, n'kuchitola kuti chikhale chanu, monga mwakhala mukuchitira ndi zikho, zithunzi ndi maulendo. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno chinthucho chinali kuphazi kwa munthu.

Tsono nali pempho langa, ndipo ndikulipereka nditagwada, ngakhale mawondo anga savomera.

Tibwezereni nsapatozo pofika Lachisanu. Simukuyenera kubwera nokha, kuno kumazizira. Musaitane atolankhani, musamange riboni, musakonze mawu. Mupatseni mlonda uja, aziike m'jumbo, ine ndidzazitengera kukhomo lakuseri, komwe ndauzidwa kuti ndi kwanga. Kupatula owerenga nyuzipepala ino, palibe adzadziwe. Eliseo akakachita bwino ku Ulaya mudzanenanso kuti ndi thukuta lanu, ndipo ife tidzaomba m'manja monga mwa masiku onse. Akadzatopa nazo, zitang'ambika, tidzakutumizirani kuti muzipake golide mpaka zingwe zomwe.

Latsala ndi vuto la manyazi a Bungwe, poti kabati siyenera kukhala yopanda kanthu. Nalonso ndaliganizira, pakuti sindikufuna kukusiyani pamavuto. Mayi Obando akuti kabatiyo ndi yaitali kuposa munthu, ndipo m'lifupi mwake mungalowe mpando. Ndikupempha modzichepetsa kuti mulowemo inuyo, bwana. Nyali ilimo kale, dzina lanu lilipo kale, ndipo alendo adzakuonani tsiku lililonse popanda kuuzidwa kuti muli kumsonkhano. Ndafufuza m'Bungwe lonse, kuyambira tsache mpaka makina osalazira ayezi, ndipo ndapeza kuti chinthu chokhacho chomwe tingachitsekere m'galasi chaka chathunthu, mwana wina aliyense osapunthwa nacho, ndinu.

Ndine wanu wotsikitsitsa, wonola mipeni ya ana anu,

Crisanto Lumibao
Kachipinda ka kunsi kwa masitepe