Sabata Yofufuta Masamba a Webusaiti

Lolemba
Ambuye ngabwino, magetsi alipo! Bungwe lathu la alimi likusamukira ku webusaiti yatsopano. Katswiri wa ku Lilongwe akuti kumeneko kukwana masamba makumi awiri okha, ife tili nawo oposa zana. Wosankha zofufuta ndine. Ndandanda ikapanda kufika Loweruka, a Wapampando akuti afuna mlembi wina. Zopita: mitengo ya fodya yakalekale, malipoti, zithunzi za makalabu. Yophweka iyi.

Lachiwiri
Ndikumata mayina a makalabu ofufutidwa pachitseko cha ofesi, anthu asadzadabwe. Ulemu basi.

Lachitatu
Mayo ine! Pakhomo njinga zokhazokha. Mphekesera yafika mpaka ku Lukwa kuti wochotsedwa pa kompyuta salandira kuponi ya feteleza chaka chino. Ndikufotokoza kuti makuponi sachokera kwa ife. Onse akuvomera mwaulemu, kenako akutula: mtedza, maungu, tambala wamoyo. Mphatso ya munthu wamkulu ungaibweze bwanji? Zikomo, zikomo kwambiri. Makalabu onse abwerera m'malo mwawo, mitengo ndi malipoti omwe.

Lachinayi
Mayi wa ku Simlemba, duku lakuda kumutu. Za kuponi alibe nazo ntchito. Akufuna ndiwaonetse malemu amuna awo, ataima pachigafa, fodya ali m'manja. "Chithunzi chawo n'chomwechi, mwanangu, kunyumba kulibe." Akusisita galasi la kompyuta ndi chala. Chisoni chandigwira zedi. Tsamba ili silichoka, bola andichotse ine.

Lachisanu
M'mawa ndikufufuta uthenga wa a Wapampando, masamba anayi athunthu. Masana eni ake atulukira: "Mawu anga aja akasamuke bwino, mwamva?" Ndamva, bwana. Masamba anayi aja abwerera. Zofufutidwa sabata yonse: tsamba limodzi, lomwe linali lopanda kanthu kale.

Loweruka
Ndikutumiza zonse mmene zilili. Foni ya katswiri: "Achimwene, mwanyamula ndi zinyalala zomwe?" Akuti asankha yekha. Ndikupempha chimodzi chokha, bambo a pachigafa asawasiye. Wavomera, Mulungu amudalitse!

Lamulungu
Kutchalitchi mkulu wa mpingo akulengeza kuti mlembi wapulumutsa makuponi a anthu. Nthungululu! Ndikufuna kuimirira nditsutse, mayi a kunyumba akundikoka jekete. Masana ndikusuzumira webusaiti yatsopano: yoyera bwino, uthenga wa a Wapampando mulibe ngakhale mzere umodzi. Mawa auona, kapena nditi sauona. Palibe chochita, ndingothokoza. Malemu aja asamuka nafe bwinobwino. Ine ndiye kaya.