Mpando wa Apongozi

Lolemba

Phukusi lafika! Ndalipeza pakhomo pobwera kuntchito, lanyowa ngodya imodzi, koma zam'kati zili bwino.

Muli izi:
- timphasa tiwiri takuda topyapyala totenthetsera mpando wa galimoto, kena ka pokhalira, kena ka kumsana
- mawaya opiringizana
- kaswichi kamodzi
- pepala la malangizo, Chingerezi chake cholembedwa ndi munthu amene anali pa changu

Nkhani yake ndi iyi. Apongozi anga akufika Lamulungu m'mawa. Koyamba kukwera ndege, koyamba kutuluka m'Malawi, ndipo asankha Januwale. Munthu wa ku Nchalo, amene akangofika ku Blantyre amavala majuzi awiri n'kumawamvera chisoni anthu akumeneko.

Papita zaka zisanu ndi ziwiri chibwerere ndi mwana wawo ku Dublin kuno, ndipo foni iliyonse imayamba chimodzimodzi. Moni ayi, za mdzukulu ayi. Amangoti: "Ukufunda koma? Sakukuzizitsa kumeneko?" Ine ndili pomwepo pakhitchini, ndikumva. Mawu amenewa amandiwawa, ndivomere pano poti palibe akuwerenga.

Lamulungu nkhani imeneyi itha. Akangotuluka pabwalo la ndege ndiwatsegulira chitseko chakutsogolo, akhale, kutentha kuwakwere kuchokera mmunsi mpaka kumsana. Adzionere okha kuti mwana wawo ali m'manja mwa munthu wodziwa kusamala.

Galimotoyi ndinaigula kwa munthu zaka ziwiri zapitazo, mipando yansalu wamba, m'mawa imazizira ngati mwala wakudambo. Kugalaja akuti malo apezeka mu Febuluwale. Febuluwale! Ndipanga ndekha. Mzungu wina wandevu pa kanema wa pa intaneti akumaliza zonse m'mphindi khumi ndi ziwiri, uku akumwa khofi.

Akazi anga, mayi a Tadala, sindinawauze kanthu.

Lachiwiri

Ndaweruka 3 koloko. Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito ndimanyamula anthu tsiku lililonse, ndiye mpando ungandivute chiyani?

Mabawuti ndi anayi. Atatu amasuka mwaulemu. Lachinayi lakana. Ndalithira mafuta, ndalimenya, ndalinyengerera, ndalitukwana m'Chichewa kenako m'Chingerezi kuti mwina limva bwino. Lamasuka patadutsa ola, litandisupula chala.

Galaja ndilibe, ndikugwirira pamsewu pomwepa mu Drumcondra. Hafu pasiti 4 kwayamba kale kuda, ndipo kamvula kawo kosaoneka kaja kandinyowetsa mpaka zam'kati.

Zimene ndapeza pansi pa mpando:
- sokosi imodzi ya Tadala ya nthawi imene anali kumkaka
- mtedza, wambiri ndithu
- ndolo imene tinasakasaka pa Khirisimasi, mpaka ine kunenedwa kuti ndinaitaya ndi zinyalala

Pansipo palinso kapulagi kachikasu. Ndangokasolola, ntchito yosavuta.

Mpando ndaulowetsa pabalaza. Mayi a Tadala alowa, aima, auyang'ana, andiyang'ana ine. Ndafotokoza kuti ndikuikamo zotenthetsera.

"Mpando wanga?" atero. "Heated seat? Bambo a Tadala, inuyo? Ndiye kuti mumamva ndikamadandaula msana ndikachoka ku shift!"

Nkhope yawo yawala mmene sindinaionere kwa nthawi yaitali. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma zomwe zatuluka ndi "Eya."

Si bodza kwenikweni. Apongozi akakwera ndege yobwerera, mpandowu ukhala wa ndani?

Lachitatu

Kuvula nsalu ya mpando. Pa kanema amangoti kokani apa, yavuka. Wanga ayi. Nsalu yagwidwa ndi timphete tachitsulo tosawerengeka, ndipo kalikonse kakufuna magazi anga kaye.

Zida zimene ndagwiritsa ntchito:
- pulaya
- mpeni wa buledi
- sizasi ya mayi a Tadala yosokera, imene saloleza ngakhale kuigwira
- mano

Timphasa ndatimata pa siponji, kena kapendekeka pang'ono koma palibe adzaone. Timphete tija sitibwereranso, tapindika tonse, ndiye ndamanga ndi timalamba tapulasitiki. Nsalu ndayibwezera. Mbali ya kumanzere kwatuluka chotupa, ndipo pakati pang'ambika kabowo kamene sindikudziwa kabwera bwanji. Ndiikapo kapilo.

Mayi a Tadala apita kuntchito pa basi osadandaula ngakhale pang'ono. Atabwerako andiuza kuti nkhani aifikitsa kale kwa azimayi akutchalitchi. Akuti mayi ena kumeneko afunsa amuna awo kuti, "Anzanu akuika moto m'mipando, inu mukuika chiyani?"

Madzulo ano andiphikira chambo chija timasungira alendo. Ndadya nditaweramitsa mutu.

Lachinayi

Mpando wabwerera m'galimoto! Mabawuti atatu alowa, lachinayi ndiliona mawa. Kapulagi kachikasu ndakabwezera pamalo pake.

Ndaliza injini. Pa dashibodi payaka nyali yofiira imene sindinaionepo: kamunthu kokhala pampando, chimpira chili pamaso pake. Ndazima, ndaliza. Kakadali pomwepo. Ndazima, ndapemphera, ndaliza. Kakadali pomwepo.

Ndabwerera ku kanema uja, ulendo uno kuyambira pachiyambi penipeni, paja ndinkadumpha poganiza kuti wandevuyo akungopereka moni. Si moni. Akuti chinthu choyamba, musanagwire chilichonse, chotsani batire, makamaka musanasolole kapulagi kachikasu, chifukwa ndi ka eyabagi, thumba lija limafufuma pangozi. Akunena kawiri. Akuloza ndi chala.

Safunsa anadya phula.

Ndachotsa batire lero, poti mwina galimoto iwala. Sinaiwale. Imene yaiwala ndi wailesi, tsopano ikufuna nambala yachinsinsi imene inapita ndi mwini wake woyamba.

Zomwe zilipo pano:
- nyali yofiira, ilipo
- wailesi, kulibe
- kutentha, kulibe
- masiku otsala, atatu

Apongozi aimba foni kuti chikwama alongedza kale. Afunsa ngati kuno kuli nkhuni.

Lachisanu

Tsiku la mawaya. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndiye ndapempha kuweruka masana kuti ndigwire kukadali kowala.

Bokosi la mafyuzi lili pansi pa chiwongolero, malo amene anapangira munthu wopanda mapewa. Ndagona chagada, mutu mkati, miyendo pamsewu. Posakhalitsa ndamva wina akundigwedeza phazi. Ndi gogo wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe, foni ili kale kukhutu, akuitana ambulansi. Ndatuluka, ndawatsimikizira kuti ndili moyo. Akuti, "Are you sure, love?" Ndayankha kuti eya, koma funsolo ndi labwino.

Waya wofiira ufuna magetsi. Pepala likuti lumikizani pamene pali mphamvu yokwanira. Ndaganiza mwanzeru: chimene chimatenthetsa kale m'galimoto ndi fani ya hita, ndiye zotentha zikhale pamodzi ndi zinzake.

Ndaliza injini, ndadina kaswichi, ndakhala pampando.

Ukutentha! Amayi ine, ukutentha! Kayamba pang'onopang'ono, kenako kakwera msana wonse. Ndakhala pamenepo ndekha ndikuseka ngati wopenga. Ndayamba kale kuona nkhope ya apongozi, ndayamba kale kukonza mmene ndidzayankhire modzichepetsa kuti aa, ndi zazing'ono izi.

Ndayatsanso hita kuti ndione zonse zikugwira ntchito limodzi.

Fungo la pulasitiki wopsa. Kautsi. Thii! Kenako zii.

Mpando wazizira. Fani yafa. Kaswichi kasungunuka mbali imodzi. Lolemba ndinali ndi galimoto yotentha ya mipando yozizira, lero ndili ndi galimoto yozizira yonse.

Mayi a Tadala afunsa kuti zikuyenda bwanji. Ndati tatsala pang'ono.

Loweruka

Mutu umodzi susenza denga. Ndapita ku Skerries kwa a Zulu, mnzanga wa ku Zambia amene timagwira limodzi ntchito. Kwawo ku Chipata anali wokonza zamagetsi a galimoto.

Ulendo wake wosasimbika. Popanda fani galasi lakutsogolo likuchita nthunzi ndikangopuma. Dzanja limodzi pachiwongolero, lina ndi thaulo, zenera lotsegula, mphepo yakunyanja ikundimenya khutu. Ndafika mphuno sindikuimva.

A Zulu asuzumira pansi pa chiwongolero, apukusa mutu.

"Mudala, nindani anagwilako apa?"

Ndati mnzanga wina.

"Uyo munzanu musamupasenso motoka."

Nyali yofiira aizimitsa ndi kamakina kawo m'kanthawi kochepa, zomwe zandikwiyitsa pang'ono. Bawuti lachinayi alimanga. Wailesi akuti iwalani. Fani akuti yapsa zenizeni, chipangizo chake chifika sabata yamawa. Ndawachonderera kuti mpando wokha ugwire ntchito mawa, zina zonse ndipirira.

"Switch yasila iyi. Nizamanga direct. Mukaliza chabe engine, mpando uyamba kupya pa high. Kulibe off, mwamvela?"

Ndamvela. Munthu wa ku Nchalo angadandaule kutentha?

Chakumadzulo mayi a Tadala abwera kuchokera ku Moore Street ndi majumbo a chinangwa ndi therere zolandirira mayi awo. Asiya majumbo pakhomo, akuti ayese kaye mpando wawo. Akhala, atsinzina, atsamira.

"Eee. Apa ndiye mwandikwatiranso kachiwiri, bambo a Tadala."

Apa ndi pamene ndikanalankhula. Ndangoyang'ana kunja ngati pali chochititsa chidwi pa bini ya aneba. Mtima ukundiimba mlandu, koma mawa zonse ziyenda bwino ndipo palibe adzafunse.

Lamulungu

Afika. Majuzi atatu, chitenje pamwamba, mpango kumutu, ndi chikwama chachikulu cha m'manja chimene akana kuti wina aliyense anyamule. Ndawomba m'manja, ndawerama, moni wayenda bwino. Panja pa bwalo la ndege mphepo yawalandira, ndawaona akugwira chibwano.

Nthawi yanga yakwana. Ndathamanga kukaliza injini, ndatsegula chitseko chakutsogolo, ndipo pakamwa panga, pamene panalephera kutseguka sabata yonse, patseguka pa nthawi yolakwika.

"Amayi, malo anu ndi ano. Mpandowu ukutentha. Ndakonzera inuyo, sabata yathunthu ndili pa ntchito imeneyi."

Mayi a Tadala anditembenukira pang'onopang'ono. 

Apongozi abwerera m'mbuyo phazi limodzi. Sakuyang'ana ine, akuyang'ana mwana wawo.

"Ine kukhala phewa ndi phewa ndi akamwini anga? Zinayamba liti zimenezo? Kapena kunoko ulemu unauma ndi chisanu?"

Zaka zisanu ndi ziwiri ku Ulaya zandiiwalitsa chinthu chimene mkamwini aliyense amadziwa asanalowe n'komwe m'banja. Apongozi sakhala nawe pafupi. Azungulira galimoto, akakhala kumbuyo kwanga kwenikweni, malo amene sindingawaone ngakhale pa kalirole.

Ndati mayi a Tadala ndiye akhale kutsogolo. Ayankha mwaulemu kwambiri, ulemu woopsa uja: "Ayi, zikomo. Mpandowo si wanga." Alowa kumbuyo, Tadala pakati.

Kumbuyo kwadzaza, buti yadzaza, ndiye chikwama cha m'manja chija chapatsidwa mpando wakutsogolo. Ndi cholemera, moti galimoto yaganiza kuti ndi munthu n'kuyamba kulira kuti amange lamba. Ndachimanga lamba.

M'chikwamamo muli milamba yowamba ya mu Shire, mphatso yathu. Izi ndazidziwa titayenda mphindi zisanu, mpando utafika pa mphamvu yake yonse. Tadala akuti, "Daddy, something died in the car." Kuzimitsa sindingathe. Tatsegula mazenera onse anayi, mu Januwale, pamsewu waukulu, ine ndikupukuta galasi ndi thaulo, kumbuyo mano akugundana.

Tili pafupi kufika, apongozi alankhula chapansipansi, koma mwa mtundu uja woti woyendetsa amve.

"Iwe, akuti mpandowo aukonza liti?"

"Sabata ino, amayi."

"Galimotoyi anagula liti?"

"Zaka ziwiri zapitazo."

"Ndiye zaka ziwiri zonsezi iwe umakhalira pozizira?"

Ndadikira kuti mayi a Tadala anditeteze, paja nthawi zonse pafoni amati, "Ndikufunda, amayi, musadandaule." Lero akhala chete kuyambira pa roboti mpaka pakhomo.

Pano onse ali pabalaza, akuseka, afunda bulangeti limodzi. Ine ndili m'galimoto ndi ndowa ya madzi a sopo, ndikutsuka mafuta a mlamba pa mpando. Ndikalowa ndikapepesa kwa mayi a Tadala, kopanda kanema wondionetsa poyambira. Apongozi akhala nafe miyezi itatu.